Kuphunzitsa ophunzira a sekondale kupanga ma meme pakompyuta: ndiyambire pati?

Mphunzitsi wa kompyuta, Ndirande

Ndine mphunzitsi wa phunziro la kompyuta pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Ndirande, ndipo ndabwera ndi funso kwa aphunzitsi anzanga, makolo, komanso onse amene amadya za ntchito yokonza zithunzi mumzinda uno wa Blantyre. Teremu ikubwerayi ndikufuna kuyambitsa kalabu ya masana ya ophunzira a Fomu 2 ndi Fomu 3 yophunzitsa kukonza zithunzi pakompyuta, ndipo ndaganiza zoti tiyambire pa ma meme, zithunzi zija zokhala ndi mawu ochepa pamwamba ndi m'munsi zimene anthu amatumizirana pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Ndasankha ma meme chifukwa anawa amawadziwa kale ndipo amawakonda. Tsiku limene Bullets yasewera ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, m'mawa mwake mwana aliyense amakhala ataona kale zithunzi zogemulira timu imene yagonja, ngakhale amene kwawo foni ndi imodzi yokha ya bambo. Koma ndikawafunsa kuti chithunzicho chapangidwa bwanji, mawuwo akhala bwanji pamwamba pa nkhope, kapena mutu wa munthu wina wafika bwanji pathupi la wina, ambiri amangokhala chete. Ndikuona kuti mwana amene wadziwa kudula chithunzi, kuchepetsa kukula kwake, kuikapo mawu owerengeka ndi kuchisunga moyenera, waphunzira luso limene mawa angapangire nalo chikwangwani cha ukwati, cha msonkhano wa kumpingo kapena cha bizinesi ya amayi ake.

Mavuto anga ndi awa. Makompyuta amene tili nawo ndi akale ndiponso ndi ochepa, moti ana amakhala atatu kapena anayi pa kompyuta imodzi, intaneti kulibe, ndipo magetsi amatha kuzima ntchito ili mkati. Ndi pulogalamu iti imene ingagwire ntchito m'malo otere popanda kulipira? Chachiwiri, zithunzi zoti tigwiritse ntchito tizitenga kuti? Chachitatu, ndipo ichi ndicho chikundisowetsa mtendere, aphunzitsi aakulu andifunsa kuti ndiwatsimikizira bwanji kuti sindikuphunzitsa ana kunyoza anzawo ndi aphunzitsi awo, ndipo funso limeneli ndaliona kuti ndi lomveka. Chonde ndithandizeni maganizo.

Wokonza zithunzi ndi zikwangwani, Limbe

Aphunzitsi, maganizo anuwa ndi abwino, ndipo ine ndiyankha mbali ya zipangizo popeza ndiyo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku.

Pa makompyuta opanda intaneti, tengani GIMP. Ndi yaulere, ilibe chiphaso cholipira, ndipo malamulo ake amalola kuti muiike pa makompyuta onse amene muli nawo. Muikopere kamodzi kokha pamalo pamene pali intaneti yabwino, muisunge pa flashi, kenaka muziika pa kompyuta iliyonse. Onetsetsani Windows imene ili pa makompyuta anuwo musanakopere, chifukwa GIMP 3.0, imene inatuluka mu Malichi 2025, imafuna Windows 10 kupita m'tsogolo, pamene GIMP 2.10 imagwira ntchito ngakhale pa Windows 7. Canva ndi Photopea ndi zabwino, koma zimadalira intaneti, choncho kwa inu zingakhale zowawitsa mutu. Ndikupempheninso kuti musalole munthu kukuikirani Photoshop yakuba. Kupatula kuti ndi kuphwanya lamulo, mapulogalamu oterewa kawirikawiri amabwera ndi mavairasi, ndipo flashi imodzi ikhoza kudwalitsa labu yonse.

Chinthu choyamba kuphunzitsa chikhale ma layer, magawo osanjikizana amene amapanga chithunzi chimodzi, chifukwa mwana amene sanamvetse zimenezi adzavutika ndi china chilichonse. Musanayatse kompyuta, tengani chithunzi cha pa kalendala yakale, muikepo pulasitiki yoonekera mkati ngati ija timakutira mabuku, mulembe mawu papulasitikipo ndi cholembera chakuda, kenaka muisunthe uku ndi uku anawo akuona. Adzaona okha kuti mawu akuyenda koma chithunzi chapansi sichinakhudzidwe. Mukabwerera pa kompyuta, mwana aliyense adzamvetsa chifukwa chake chithunzi chili pa layer yake, mawu apamwamba pa ina, ndi mawu a m'munsi pa inanso.

Kukula kwa chithunzi kukhale 1080 m'lifupi ndi 1080 m'litali, poyeza ndi ma pixel, timadontho timene timapanga chithunzi, popeza chithunzi chotere chimaoneka bwino pafoni ndipo sichilemetsa kompyuta yakale. Ngati akufuna choika pa status ya WhatsApp, chikhale 1080 ndi 1920. Pokulitsa kapena kuchepetsa chithunzi, awonetsetse kuti kachizindikiro ka tcheni kamene kali pakati pa manambala awiriwo n'kolumikizika, apo ayi galu amatuluka wautali ngati njoka. Mawu a ma meme ambiri amalembedwa ndi zilembo za Impact, zoyera, zozungulidwa ndi mzere wakuda, ndipo chifukwa chake si mwambo chabe ayi: mawu otere amawerengeka pamalo owala ndi pamalo amdima pomwe. Pa kompyuta imene palibe Impact, zilembo za Anton zimafanana nazo ndipo ndi zaulere. Mu GIMP 3.0 mzere wakudawo umasankhidwa pomwe mukulembapo, koma mu 2.10 pali kanjira kake: mumasankha mawuwo ndi Alpha to Selection, kukulitsa chosankhidwacho pang'ono ndi Grow, kutsegula layer yatsopano pansi pa mawu, n'kuthiramo mtundu wakuda. Kanjira aka n'kotalikirapo, komabe ine ndimakakonda pophunzitsa, chifukwa mwana akakadutsa kawiri katatu ndiye kuti ma layer wawagwira ndithu.

Pamene ambiri amakodwa ndi posunga. Mu GIMP, Save imasunga fayilo ya XCF, imene imasunga ma layer onse koma siitseguka pafoni. Kuti mupeze chithunzi chotumiza, pamafunika Export As, n'kusankha JPEG kapena PNG. Ana azisunga zonse ziwiri. Afotokozereninso kuti JPEG imataya kanthu kena nthawi iliyonse imene yasungidwanso, ndipo WhatsApp nayo imafinya zithunzi, n'chifukwa chake meme imene yadutsa m'mafoni ambiri imaoneka yothimbirira. Za magetsi, lamulo likhale lakuti aliyense asunge ntchito yake akangomaliza sitepe iliyonse, osadikira kumapeto.

Pa zithunzi, langizo langa ndi lakuti ajambule okha. Foni yanu imodzi ndi yokwanira. Ndirande ili ndi zojambula zambiri: phiri, nkhuku za pamsika, mbuzi yoima pamwamba pa njerwa, ndowa zondandalika pampopi, nsapato yong'ambika pabwalo la mpira. Mukafuna zina, pa Wikimedia Commons pali zithunzi zimene eni ake analola kuti zigwiritsidwe ntchito, koma chilichonse chili ndi chilolezo chake, ndipo zambiri zimafuna kuti mutchule amene anajambula.

Kholo, Chilomoni

Aphunzitsi, ine za makompyuta sindizidziwa kwenikweni, koma ndine mayi wa mwana wamkazi amene zimenezi zinamuchitikira, choncho ndiloleni ndiikepo mawu pa funso lanu lachitatu.

Mwana wanga ali Fomu 1, mnzake wina anamujambula akusinza m'kalasi nthawi ya masana, kukamwa kuli yasa. Usiku umene uja anali atachezera kudikirira agogo ake amene ankadwala. Chithunzicho anachiika mawu onena kuti akulota nsima, n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp la kalasi, ndipo pofika Loweruka chinali chitafika kwa achinyamata a kumpingo kwathu. Kwa amene ankaseka zinali zocheza chabe, ndipo ndikukhulupirira kuti wojambulayo sanaganize kuti zifika pamenepo. Koma mwanayo anayamba kudandaula mutu m'mawa uliwonse, anasiya kukweza mkono m'kalasi, ndipo pobwera kusukulu ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pamene anyamata amakhala. Ine ndinadziwa mochedwa, nditaona chithunzicho pafoni ya mwana wa achemwali anga. Kusukulu anatithandiza, wojambulayo anapepesa ndi kufufuta, koma kodi mungafufute bwanji chinthu chimene chili kale m'mafoni a anthu amene simukuwadziwa n'komwe?

Sindikunena kuti musiye. Ana akupanga kale zinthuzi pamafoni popanda wowalangiza, ndiye kuli bwino aphunzire pamaso pa munthu wamkulu. Chimene ndikupempha ndi chakuti m'kalabu yanuyo musalowe nkhope ya wophunzira, ya mphunzitsi, kapena ya munthu aliyense wa m'dera, ngakhale mwini wake atavomera. Ndikutero chifukwa mwana wa zaka 14 amavomera zinthu poopa kuti anzake amunena kuti ndi wosachezeka, ndipo chilolezo chotere ine sindichiwerengera. Mutiitanenso makolo musanayambe, mutionetse zimene muzikachita, chifukwa mwana akadzabwera kunyumba n'kunena kuti kusukulu akuphunzira ma meme, makolo ambiri adzaganiza zolakwika ngati sanamve kuchokera kwa inu.

Mphunzitsi wa Chichewa, Zingwangwa

Ndikugwirizana kwathunthu ndi mayi a ku Chilomoni, ndipo pepani kwambiri ndi zimene zinaonekera mwana wanu. Ine ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinatchulidwe, ya mawu enieniwo.

Achimwene a ku Limbe afotokoza bwino za kuika mawu pachithunzi, koma ntchito yovuta kwambiri pa meme ndi kupeza mawu oyenera kuikapo. Malo ndi ochepa, wowerenga amangoyang'ana kamphindi, ndipo chithunzi ndi mawu ziyenera kuthandizana kuti tanthauzo lituluke. Ophunzira athu ambiri polemba chimangirizo amazungulira, chiganizo chimodzi mizere isanu, osafika pa mfundo. Kuwauza kuti anene chinthu ndi mawu osapitirira khumi ndi maphunziro aakulu a chiyankhulo, ndipo n'chifukwa chake ndikanakonda kuti kalabuyi musaiyendetse nokha, koma muitanemo mphunzitsi wa Chichewa wa pasukulu panupo.

Makolo athu anatisiyira kale mawu afupiafupi onyamula nzeru, ndiwo miyambi, imenenso ana amaiphunzira ndi kuilemba pa mayeso a MANEB. Apatseni mwambi gulu lililonse, apite akajambule chithunzi chimene chikuonetsa tanthauzo lake m'moyo wa lero wa mu Blantyre. Gulu limene lalandira "walira mvula walira matope" likhoza kujambula nsapato zoyera zasukulu zitamira m'matope a mu Januwale. La "mutu umodzi susenza denga" likhoza kujambula manja ambiri akukankha minibasi imene yakana kulira, popanda kuonetsa nkhope kapena nambala ya galimoto. La "fodya wako ndi uyo ali pamphuno" liganize lokha. Apa mudzaona msanga amene wamvetsa mwambi ndi amene wangouloweza, chifukwa woloweza adzajambula denga lenileni ndi mutu weniweni, pamene womvetsa adzafunafuna malo amene anthu akuthandizana. Ntchito imeneyi imathetsanso nkhawa ya aphunzitsi aakulu, popeza choseketsa chake chimachokera pa zochitika zimene tonse timazidziwa, osati pa chilema kapena umphawi wa munthu wina.

Ndikupemphaninso kuti mukhwimitse za kalembedwe. Pamafoni ana azolowera kudula mawu ndi kusiya zizindikiro, moti ng'ombe amailemba popanda kankhodolero kake, ndipo mawu oyenera kulumikizidwa amawalekanitsa. Meme imene ili ndi cholakwa m'kalembedwe isatuluke m'labu mpaka itakonzedwa. Kukonzako n'kosavuta ngati anasunga fayilo ija ya ma layer, ndipo pamenepo adzaona okha phindu lake. Wina akafuna kulemba m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chisena, mloleni, chifukwa m'makalasi athu a mu Blantyre muli ana a zinenero zonsezi.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Bangwe

Ana anga, ine ndili ndi chikayiko, ndipo ndichinene poyera. Nthawi imene ana athu amakhala pa kompyuta ndi yochepa kwambiri, ndipo ambiri amafika Fomu 4 asanathe kulemba kalata yooneka bwino kapena kuwerengetsa ndalama pa spreadsheet, zimene silabasi imafuna ndiponso zimene olemba ntchito amafunsa. Ngati kalabuyi idzadya nthawi ya zimenezi, ine sindingaivomereze. Ngati ndi ya masana ndithu monga mwanenera, ndipo ana a kalasi ya mayeso sakulandidwa makompyuta, ndilibe nayo mlandu. Koma muonetsetse kuti atsikana akugwira nawo mouse, chifukwa pamene ana anayi akhalira kompyuta imodzi, kawirikawiri mnyamata wolimba mtima ndiye amagwira, enawo n'kumangoonerera mpaka belu kulira.

Wogwira ntchito za achinyamata, Chirimba

Bambo a ku Bangwe anena zoona za atsikana, ndipo njira yake ndi kusinthana pa sitepe iliyonse: wina adule chithunzi, wina alembe mawu, wina asunge, ndipo sabata yotsatira asinthane maudindo. Koma ine ndikufuna kuyankha chikayiko chawo china, chifukwa ndikuona kuti phunziroli lili ndi phindu limene kalata ndi spreadsheet sizingapereke.

Tonse tikukumbukira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Masiku amenewo mafoni athu anadzaza ndi zithunzi, ndipo munthu amene anali ndi abale kumeneko ankafunitsitsa kudziwa kuti choona n'chiti. Nthawi ya ngozi, ya mliri ngati kolera uja anachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, komanso nthawi ya chisankho, ndi pamene chithunzi chakale kapena cha dziko lina chimatha kuikidwa mawu atsopano n'kuyamba kuzungulira ngati cha lero. Munthu amene sanakonzepo chithunzi amakhulupirira chimene maso ake aona. Koma mwana amene ndi manja ake wachotsapo mtengo pachithunzi pogwiritsa ntchito chida cha mu GIMP chotchedwa Clone, kapena waika mbuzi padenga la kalasi, sadzaonanso chithunzi monga ankachionera kale. Adzayamba kuyang'ana ngati mthunzi ukugwera mbali imodzi, ngati m'mphepete mwa chinthu muli modulidwa mokayikitsa, ndiponso adzafunsa kuti wajambula ndani, liti, kuti.

Choncho aphunzitsi, patulani tsiku limodzi la zimenezi. Gulu lililonse litenge chithunzi chimodzi cha malo a pasukulupo, lisinthepo chinthu chimodzi mobisa, kenaka magulu asinthane ndi kufufuza chimene chasinthidwa. Pambuyo pake tengani chithunzi chimodzi chosasinthidwa, mwachitsanzo cha anthu ali pamzere akuoneka chakumbuyo, muikepo mawu awiri osiyana, ena onena kuti akudikira katemera, ena onena kuti akudikira shuga wotchipa, kuti aone kuti bodza silifuna ngakhale kusintha chithunzi, mawu okha ndi okwanira. Tsiku limene muli ndi bandulo pafoni, aonetseni mmene Google Lens kapena TinEye imathandizira kupeza kumene chithunzi chinaonekerapo kale. Masiku ano palinso zithunzi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu otsanzira nzeru za munthu, zimene zilibe zizindikiro zodulidwa, choncho funso lakuti chachokera kwa yani ndilo lofunika koposa.

Za malamulo, ndi bwino ana adziwe kuti nkhaniyi si ya malamulo a sukulu okha. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kuzunza, kuopseza kapena kuvutitsa munthu kudzera pa intaneti ndi pafoni, ndipo anthu akhala akumangidwa m'dziko muno chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Palinso lamulo la Copyright Act la 2016, loteteza ntchito za aluso kuphatikizapo ojambula zithunzi, limene bungwe la COSOMA limayang'anira. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, kutanthauza kuti ophunzira anu ambiri ndi ana pamaso pa lamulo, ndipo zimene apempha mayi a ku Chilomoni zili ndi maziko olimba. Ndingawonjezere kuti andale nawonso asalowe m'kalabuyi, osati chifukwa chakuti ndi osayenera kudzudzulidwa, koma chifukwa sukulu imasonkhanitsa ana a makolo a zipani zosiyanasiyana, ndipo meme imodzi ikhoza kutseketsa kalabu yonse. Kanthu kena kakang'ono: zithunzi za pafoni nthawi zina zimasunga mkati mwake malo amene zinajambulidwira, choncho potulutsa JPEG mu GIMP achotse chizindikiro pa bokosi la Exif.

Mphunzitsi wa kompyuta, Ndirande

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi a ku Chilomoni chifukwa chofotokoza nkhani yowawa chotere kuti ana a ena atetezeke. Ndaona makompyuta athu ndipo ambiri ali ndi Windows 7, ndiye ndiika GIMP 2.10. Ndalemba kale pepala loti ndikapereke kwa aphunzitsi aakulu, ndipo mfundo yoyamba ndi yakuti m'kalabu simudzalowa nkhope ya munthu aliyense, kaya wavomera kaya sanavomere. Ndapemphanso kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tisanayambe. Mnzanga wophunzitsa Chichewa wavomera kuti tigwirire limodzi ntchito ya miyambi, ndipo bambo a ku Bangwe ndikukutsimikizirani kuti tidzakumana masana a tsiku limene a Fomu 4 sagwiritsa ntchito labu.

Pali chinthu chimodzi chimene sitinagwirizanebe ndi mnzangayo. Iye akufuna kuti ntchito zabwino tizizitumiza pa gulu la WhatsApp la makolo kuti anawo alimbikitsidwe, pamene ine ndikuona kuti teremu yoyamba tizingozisindikiza papepala n'kuzimata pa bolodi la zidziwitso, zisatuluke pasukulu mpaka titaona mmene anawo akusungira malamulo. Achimwene a ku Limbe, kodi chithunzi cha 1080 chija chingatuluke bwino pa pepala la A4, kapena tiyambire pa chachikulupo ngati cholinga ndi kusindikiza?

Wokonza zithunzi ndi zikwangwani, Limbe

Pa A4 yathunthu chidzaoneka chothimbirira pang'ono, aphunzitsi, chifukwa ma pixel 1080 akatambasulidwa pa masentimita 21 amachepa. Njira yosawononga ndalama ndi kuika zithunzi ziwiri kapena zinayi pa pepala limodzi, ndipo pa kukula kumeneko zidzatuluka bwino. Ngati mukufuna chimodzi chodzaza pepala, yambani ndi 2480 m'lifupi, kenaka muchepetse kope lina kufika pa 1080 la pafoni, popeza kuchepetsa sikuwononga chithunzi monga kumachitira kukulitsa. Ngati makina anu osindikizira ndi a inki yakuda yokha, yesani kaye pepala limodzi musanasindikize zonse, ndipo sankhani zithunzi zimene zinajambulidwa panja masana.